Kaseti ya Gavin

Ku Burnley mvula sibwera, imakhala konkuno,
ili ndi kiyi wakewake.
Lachinayi, nditawasambitsa bambo Threlfall
ndi kuwamwetsa mapiritsi atatu, lachikasu pomaliza,
mwana wawo Maureen anatsitsa katoni kuchokera kudenga
nati zonsezi zipite kudzala.

Pansi pa nyale za Khirisimasi zopiringizana
inali gone:
kompyuta yakuda, yopyapyala ngati buku la hedimasitala,
mabatani a mphira, ena atafufutika zilembo,
ndi kaseti yolembedwa ndi dzanja la mwana:
Gavin, 1984, osakhudza.

Pabaji yanga analemba kuti wosamalira okalamba.
Koma zala izi zinakulira pakhonde la a Mpinganjira ku Ndirande,
kumene wailesi sinkafa,
inkangokomoka.

Ndinaitsegula usiku patebulo la kukhitchini.
Masikuluu asanu, ndinawasunga m'chivundikiro cha botolo la jamu.
Fungo linatuluka la zaka makumi anayi zosapuma mpweya.
Makapasita atatupa ngati nkhupakupa zokhuta,
ina itasanzira pabolodi, dzimbiri lobiriwira.
Mswachi wakale, sipiriti, kupukuta pang'onopang'ono
monga ndimapukutira msana wa mwini wakeyo,
khungu lisang'ambike.

Zatsopano zinabwera pa positi kuchokera ku Hull,
m'kaenvelopu kopepuka ngati mulibe kanthu.
Chowotcherera chinanditentha chala chamkombaphala.
Ndinatukwana m'chinenero chimene nyumba iyi sichidziwa.

Inayaka. Zilembo zakuda pagalasi lotuwa.
Mabatani onse anavomera kupatula N.
Masiku awiri ndinalimbana naye N ameneyu,
ndinamupukuta, ndinamunyengerera, ndinamuopseza ndi sikuludilaiva.
Iye phee.

Lamlungu masana ndinaiika pamaso pa mkuluyo.
Tepi ndinaikulunga ndi pensulo, inali italendewera.
Kenako kulira kuja,
nyenje zikwizikwi zotsekeredwa m'chitini,
mizere yofiira ndi yabuluu ikuthamanga m'mbali mwa galasi.
Mphindi zinayi. Maureen ali chiimire pakhomo, jasi lili m'thupi,
makiyi a galimoto m'manja.
Za mlongo wakeyo anandiuzapo kamodzi kokha:
njinga yamoto, msewu wa ku Todmorden, chisanu.

Kompyuta inafunsa: dzina lako ndani?

Bambo Threlfall, amene m'mawa uliwonse amandifunsa kuti ndine yani,
amene dzulo anaika magalasi awo mufiriji,
anatambasula chala chimodzi.
G. A. V. I.
Ndinayamba kupepesa, kufotokoza za batani limene landikanika.
Anandikankha dzanja.
Ameneyu umamudinira m'mbali, iwe, chakumanzere,
anathirapo tiyi chaka chomwe tinaigula.
Chala chachikulu, chakumanzere, dii.
N.

Ndiye kuti masiku awiri aja
ndinkachiza chipsera.

Galasi linadzaza, mzere pansi pa mzere, osaleka:
Gavin ndi mfumu, adadi amaliza mkonono,
Gavin ndi mfumu, adadi amaliza mkonono,
mpaka pansi, n'kuyambiranso.
Mkuluyo anaseka mpaka mano oikirira anagwedezeka.
Kamwana kamwano, anatero, akabwera kusukulu ndithana nako.
Maureen anavula jasi, nakathira madzi m'ketulo,
nakhalitsa kukhitchiniko kuposa nthawi imene madzi amawira.

Sikuluu imodzi inatsala m'chivundikiro chija,
sindikudziwa kuti ndi ya pati.
Ili m'thumba la yunifomu yanga, pamodzi ndi tikiti ya basi.
Ndinachedwa kwa mayi Ogden ndi theka la ola,
ku ofesi anandilemba m'buku.
Malo olembapo chifukwa anali aang'ono,
ndinangoti: mvula.